Tsiku Limene Chidakwa Chinaimbira Foni M'busa

Lero tiyambire kutali, kenako tifike pakhomo pathu.

M'mwezi wa Meyi 1935, bambo wina wa ku New York, dzina lake Bill Wilson, anali yekhayekha mu hotela ya Mayflower mumzinda wa Akron, ku America. Malonda amene anapitira kumeneko anali atalephereka. Anali atatha miyezi isanu osalawa mowa, koma tsiku limenelo chibaba chinamugwira, ndipo bala inali pafupi. M'hotelamo munali mndandanda wa matchalitchi ndi manambala a abusa. Iye anaimbira mbusa Walter Tunks ndi pempho lachilendo: ankafuna amupezere chidakwa chinzake choti acheze nacho, kuti iye mwini asagwe.

Kudzera mwa mayi Henrietta Seiberling, anakumana ndi Dr Bob Smith, dokotala wa maopaleshoni. Ameneyu anali munthu wopemphera, wosonkhana ndi gulu lachikhristu la Oxford Group, komabe mowa unali utamumanga. Anavomera kumvetsera kwa mphindi 15 zokha, koma anacheza mpaka usiku. Malangizo anali atawamva ambirimbiri. Chatsopano chinali kumva munthu akusimba ndendende mavuto ake omwewo, popanda kumuloza chala. Tsiku la 10 Juni 1935 ndilo limawerengedwa ngati chiyambi cha gulu la Alcoholics Anonymous. Mu 1939 anasindikiza buku lofotokoza masitepe 12 a kuchira, ndipo pofika 1946 misonkhano yotere inali itayamba ku South Africa. Dongosolo lake n'losavuta: anthu amakumana kawirikawiri, aliyense amavomereza poyera kuti mowa wamugonjetsa, zokambidwa zimathera m'chipindamo, palibe cholipira, ndipo munthu amalimbana ndi tsiku la lero lokha.

Tsopano tibwere kwathu. Amishoni a Dutch Reformed, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anafika pa Mvera mu 1889, ndipo Nkhoma inakhazikitsidwa mu 1896. Mpingo umene unaphuka pamenepo unaima nji pa nkhani ya mowa: kufulula, kugulitsa ndi kumwa zonse zinakhala milandu yofika pabwalo la akulu a mpingo. Mwambo umenewu unapulumutsa nkhokwe zambiri ndi maukwati ambiri, ndipo ine sindichita nawo manyazi.

Koma nthawi inasintha. Mu 1968 kampani ya Carlsberg inatsegula fakitale ku Blantyre. Mu 1975 Lilongwe inakhala likulu la dziko, anthu nakhamukira kuno kudzafuna ntchito, mpaka Kawale, Biwi, Area 23, Area 25, Chinsapo ndi Mgona zinadzaza. Kumudzi mowa unkadikira zokolola, maliro kapena ukwati, ndipo malume ankaona mphwake akayamba kusochera. M'tauni kachasu amapezeka kuyambira m'mamawa, malume ali kutali. Kenako kunabwera masacheti, otchipa moti ngakhale mwana wasukulu ankawakwanitsa. Boma linawaletsa mu 2015, ndipo mu 2017 linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa. Komabe timabotolo tinalowa m'malo mwa masacheti, ndipo maliro a anyamata tikuwaikabe.

Apa ndiyenera kuulula. Ndakhala pabwalo pamene mbale akuimitsidwa ku Mgonero chifukwa cha kuledzera. Tinaweruza molondola monga mwa malamulo, tinapemphera, tinabalalika. Koma Lolemba madzulo, chibaba chitamugwira, anapita kwa yani? Anthu okhawo amene anamusungira mpando anali a pa kachasu. Ife tinali ndi njira yomutulutsira, koma njira yobwerera tinamusiyira aifufuze yekha. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Werengani Yakobo 5:16 ndi Agalatiya 6:1-2, muone ngati zimene anachita anthu awiri aja ku Akron sizinali kale m'Buku Lopatulika lathu.

Nanga lero munthu ayambire pati? Choyamba, amene amanjenjemera m'mawa asanamwe asasiye mowa mwadzidzidzi ali yekha kunyumba, chifukwa akhoza kukomoka kapena kufa kumene. Ayambe waonana ndi achipatala. Pa Bwaila pali gawo loona za thanzi la m'maganizo, ndipo a St John of God ku Area 43 amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Mukafika kumeneko, funsani aphungu za magulu a anthu amene akuchira ndi masiku amene amakumana. Mayi, mwamuna wanu akakana, pitani inu mukafunse. Nanunso mwasenza katundu wolemera.

Chachiwiri chili kwa ife akulu a mpingo. Zipinda zathu za Sande Sukulu zimakhala zokhoma pakati pa sabata. M'milaga yathu muli abambo ndi amayi amene anasiya mowa zaka zapitazo, koma timawaphunzitsa kubisa mbiri yawo, pamene mbiriyo ndiyo mankhwala a wina. Tiwapatse kiyi ndi mabenchi, ife titseke pakamwa pa zimene zikambidwe m'menemo.

Mbusa Tunks sanalalikire tsiku lija. Anangoyankha foni, nalozera munthu kwa munthu mnzake. Foni yotere ikalira kwa inu sabata ino, mudzayankha chiyani? Ambuye atichitire chifundo tonse. Ameni.