CHIKONDI CHOSAOPA ZILONDA: MBIRI YA AKHATE A KU MUA

Munthu wotsika mapiri a Dedza kuchokera ku Bembeke kuloŵera kunyanja amafika pa Mua, m'dziko la Inkosi Kachindamoto. Ansembe a chipani cha White Fathers adatsegula mishoni pamenepa m'chaka cha 1902. Omvera ambiri lero amadziŵa Mua chifukwa cha zosema ndi nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Kungoni, yomwe Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976. Koma dzina la Mua lidayamba kumveka kutali pa chifukwa china: m'chaka cha 1927 adatsegulapo malo osamalirako anthu odwala khate.

Pofuna kuzindikira kukula kwa ntchito imeneyi, ndi bwino kukumbukira m'mene wakhate ankakhalira masiku amenewo. Khate limapha mitsempha, kotero kuti munthu amatha kupsa ndi moto kapena kulasidwa ndi minga osamva kupweteka. Chilonda chimanyeka pang'onopang'ono mpaka zala kuduka. Komabe chopweteka koposa sichinali m'thupi ayi. Wodwalayo ankamumangira kanyumba kake kunja kwa mudzi, ankadyera m'mbale yakeyake, ndipo m'madera ena ngakhale mtembo wake sunkaloledwa kumanda a mudzi. Achibale sankachita izi chifukwa cha nkhanza. Adali ndi mantha, poti mankhwala panalibe.

Mantha otere ngakale. Buku la Levitiko, mutu 13, lidalamula kuti wakhate azikhala yekha kunja kwa msasa. Nchifukwa chake nkhani ya mu Marko, mutu 1, ili yozama: wakhate atapempha kuchiritsidwa, Yesu adatambalitsa dzanja namukhudza, ngakhale akadatha kungolankhula ali chapatali. Akhristu ambiri adatsata dzanja limenelo. Bambo Damien wa ku Belgium adapita kukakhala ndi akhate pa chilumba cha Molokai ku Hawaii mu 1873, natenga nthendayo, namwalira nayo mu 1889.

Amene adayamba ntchito ya ku Mua ankaidziŵa mbiri ya Damien, ndipo ankadziŵa kuti zotero zingathe kuŵagwera iwonso. Panthaŵiyo mankhwala amene ankapezeka adali mafuta a mtengo wa ku India wotchedwa chaulmoogra. Ankaŵabaya ndi jakisoni wopweteka kwambiri, ndipo ochira nawo adali oŵerengeka. Tsono ntchito yeniyeni idali yotsuka zilonda, kuzimanga ndi nsalu, kudyetsa amene analibe zala zogwirira nsima, ndi kuika m'manda mwaulemu amene atsikira kulichete. Maŵa lake ntchito nkukhala yomweyo. Masisitere ndi ansembe sakadaitha okha. Padali amuna ndi akazi a m'midzi yozungulira amene ankatunga madzi, kuchapa nsalu za mafinya ndi kumanga zilonda, ngakhale maina awo sadalembedwe m'mabuku a mbiri. Odwala okhaokhanso ankathandizana: wokhala ndi manja ankaphikira wopanda manja, woona ankatsogolera wakhungu.

Chikondi cha masiku onse chimayembekeza kubwezeredwa, monga umanenera mwambi uja wakuti kupatsa nkuika. Koma wakhate analibe choti abweze. Sakadakalima m'munda wa womusamalira, ndipo kaŵirikaŵiri ngakhale kuchira sankachira. Apa mpamene chikondi chachikhristu chidaonekera poyera, pakuti chidaperekedwa kwa munthu chifukwa chakuti ndi munthu basi.

Mipingo ina idagwiranso ntchito yomweyi. Akatolika a chipani cha Montfort adasamala akhate ku Utale, a Seventh Day Adventist ku Malamulo m'boma la Thyolo, ndipo a Anglican ku Likwenu pafupi ndi Malosa. Mipingo imeneyi inkasiyana pa ziphunzitso zambiri, koma pa chilonda cha wakhate idagwirizana.

Pambuyo pake nzeru za madokotala zidapita patsogolo. M'zaka za m'ma 1940 kudapezeka mankhwala a dapsone, ndipo mu 1981 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidavomereza njira yophatikiza mankhwala angapo, imene imachiritsa khate kotheratu. Zidadziŵikanso kuti anthu ochuluka sangatenge nthendayi ngakhale atakhala pafupi ndi wodwala. Pofika 1994, m'Malaŵi odwala khate adachepera pa munthu mmodzi mwa anthu 10,000 alionse.

Khate likadalipo m'maboma ena, koma wodwala amalandira mankhwala ali kwao, nadya ndi abale ake m'mbale imodzi. Amene adatsuka zilonda ku Mua mu 1927 sankadziŵa kuti tsiku lotere lidzafika. Adagwira ntchitoyo popanda lonjezo la mankhwala kapena la malipiro, ndipo wakhate amene mudzi wake udamutaya adapeza munthu womuitana ndi dzina lake, nkumugwira dzanja.