Khoma Lakale Limafuna Kupuma

Nyumba ya Mandala mu mzinda wa Blantyre inamangidwa m'chaka cha 1882, ndipo mpaka lero ikadali chiimire. Eni ake anali a kampani ya African Lakes, yomwe ankaiyendetsa John Moir ndi m'bale wake Frederick. Dzina loti Mandala linachokera ku magalasi amene John ankavala. Chimene chimandigwira mtima ine n'chakuti nyumba yosanja ngati imeneyi anaimanga ndi njerwa ndi dothi basi, kenaka n'kuizunguliza khonde lalikulu loti mvula isamamenye khoma.

Simenti inalipo kale nthawi imeneyo. Joseph Aspdin wa ku Leeds analembetsa njira yopangira simenti ya Portland mu 1824. Koma katundu wobwera kuno ankakwera sitima mu Zambezi ndi mu Shire, kenaka pamitu ya amtengatenga. Ndani akanasenzetsa anthu simenti ya nyumba yonse? Amisiri ankadalira dothi, mchenga ndi laimu.

Simenti itayamba kupezeka m'sitolo, tinaitenga ngati mankhwala a nthenda iliyonse. Pulasitala akangogumuka pa nyumba yakale, mwini wake amathamangira thumba la simenti, ati kuti zithe kamodzin'kamodzi. Apa mpomwe pagona vuto, abale. Khoma la zidina kapena la njerwa zomangira dothi limamwa chinyezi m'dzinja n'kuchitulutsa m'chilimwe. Laimu ndi dothi zimalola zimenezi. Simenti ndi youma gwa: ikachita mng'alu madzi amalowa koma osatuluka. Kunja khoma limaoneka lanyuwani, pamene m'kati njerwa zikusanduka phala.

Amisiri akale ankayamba ndi kugogoda khoma. Pomveka phwaphwa ankagumula, n'kusesa fumbi, n'kuwaza madzi. Akatero ankamata laimu wosakaniza ndi mchenga, muyezo umodzi wa laimu pa itatu ya mchenga, pang'onopang'ono, kudikira kuti woyamba agwire asanaonjezere wina. Laimu amalimba mochedwa chifukwa amachita kukoka mpweya. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Pomaliza ankapaka njereza.

Nzeru imeneyi si ya azungu okha ayi. Amayi athu kumudzi akhala akumata makoma ndi kuzira mvula ikatha, chaka ndi chaka. Ku Djenné, m'dziko la Mali, mzikiti waukulu wadothi womwe unamangidwanso mu 1907 walimba chifukwa cha mwambo woti anthu a mu mzindawo asonkhane kuumata mwatsopano. Mitengo yotuluka m'makoma ake ndiyo makwerero awo.

Ine ndimaona kuti tinagula simenti pofuna kuthawa ntchito ya chaka ndi chaka imeneyi. Choncho inu amene mwasiyiridwa nyumba ya agogo, kaya ku Zomba kaya ku Nkhotakota, musanaitane mmisiri yambani mwakanda pang'ono pakati pa njerwa. Mukapeza dothi kapena laimu, thumba la simentilo libwezeni ku sitolo, ndipo muyambe mwakonza denga lomwe likudonthezera khomalo.