Nkhuyu za Livia: mphekesera ya ku Roma yomwe inakhwimira pa kanema

M'chaka cha 1976, BBC inaonetsa sewero la I, Claudius, ndipo kuchokera pamenepo anthu ambiri amamudziwa Livia, mkazi wa mfumu Augustus, ngati mayi wothirira anthu poizoni. Siân Phillips anasewera mbaliyo mwaluso moti owonera anakhulupirira kuti aliyense wopinga mwana wake Tiberius pa njira ya ku ufumu ankaphedwa ndi mayiyu. Mwamuna wakenso sanapulumuke. M'sewerolo Augustus, poopa chakudya chophikidwa, amangodya nkhuyu zothyola yekha, koma Livia amakazipaka poizoni zikadali mumtengo.

Nkhani ya nkhuyuyi sanaipeke a BBC. Anailemba Cassius Dio patapita zaka pafupifupi 200 Augustus atamwalira ku Nola mu 14 AD, ndipo naye anailemba ngati zongomveka kwa anthu. Suetonius, yemwe anali mlembi wa mfumu Hadrian ndipo sankalola mseche kumudutsa, sananene za nkhuyu. Kwa iye Augustus anatsirizika akutsanzikana ndi mkazi wake mwachikondi. Tacitus ndiye anali katswiri wofesa chikayiko. Pa imfa za Lucius ndi Gaius, zidzukulu za Augustus zomwe zimayembekezeka kulowa ufumu, anangoti mwina inali imfa wamba, mwina panali dzanja la Livia, n'kusiyira pomwepo. Chikhalirecho Lucius anadwala n'kufera ku Massilia mu 2 AD, pomwe Gaius anafa mu 4 AD ndi bala lomwe analandira ku Armenia, kutali kwambiri ndi Roma. Tisaiwalenso kuti Tacitus anali wa m'nyumba ya Senate, gulu lomwe linalandidwa mphamvu ndi mafumuwa, ndipo kwa anthu oterewa mkazi wokhala ndi mawu kunyumba yachifumu anali wokayikitsa asanachite n'kanthu komwe.

Amene anasandutsa chikayiko kukhala umboni ndi Robert Graves, m'buku lake la mu 1934 lomwe seweroli linachokera. Mmenemo Livia amavomera yekha milandu yake pamaso pa mdzukulu wake Claudius. Wolemba nthano ali ndi ufulu wotero, ndipo Graves ankawadziwa bwino mabuku akalewo, mpaka anamasulira Suetonius m'Chingerezi mu 1957. Vuto n'lakuti pa kanema zongomveka zimaoneka ndi maso, ndipo chomwe munthu waona sachikayika. Jack Pulman, amene anakonza bukulo kukhala sewero, anawonjezeranso zake: mfumu Caligula, mbali yomwe anasewera John Hurt, amatumbula mlongo wake Drusilla ali ndi pakati, zomwe mulibe mwa Graves ngakhale mwa olemba a ku Roma. Drusilla anamwalira mu 38 AD, ndipo palibe wakale amene ananena kuti anaphedwa motero.

Sewero la Rome, lomwe HBO ndi BBC anaonetsa kuyambira 2005 mpaka 2007, linasamala kwambiri pa misewu yauve, zolembalemba za m'makoma ndi nsembe za kwa milungu, koma pa anthu linangodzichitira. Atia, mayi wa Augustus, anamusandutsa wachiwerewere ndi wachiwembu, pomwe Tacitus yemweyo anamutchula ngati chitsanzo cha mayi wolera bwino mwana. Atia weniweni anamwalira mu 43 BC, koma pa kanema ali moyo kuonerera chikondwerero cha mwana wake cha mu 29 BC. Apa ndiye ndimati analakwa kuposa a I, Claudius, chifukwa analibe ndi mphekesera yomwe yotsamira.

Mu 2021 kunabwera Domina ya Sky Atlantic, momwe Kasia Smutniak ndi Livia wolimba mtima, wofuna kubwezeretsa ulamuliro wakale womwe bambo ake anafera ku Philippi mu 42 BC. Anamuyeretsa mtima, koma poizoni sanamulande: imfa ya Marcellus, mphwake wa Augustus, ikugwerabe pa iye. Marcellus anamwalira mu 23 BC, chaka chomwe Augustus mwini anadwala kufuna kufa, ndipo Dio, atatchula mphekeserayo, anawonjezera yekha kuti matenda anapha anthu ambiri mu Roma chaka chimenecho ndi chotsatira chake.