Kumene Unacokera Mganda

Mnyamata wa ku Chadiza akaona anzace obvala makabudula oyera alikubvina mganda m'mizere, angayese kuti gule ameneyu ndi wa makolo monga Nyau. Koma si tero ai. Mganda ndi mlendo, ndipo njira imene unadzera iri yodziwika.

Ciyambi cace ciri kutali, m'mbali mwa nyanja ya mcere. M'zaka za m'ma 1890 Aswahili a ku Mombasa ndi ku Lamu anali kuonerera asilikari a Azungu pocita perete ndi malipenga ao. Tsono anyamata anayamba kuwatsanzira: anadzigawa m'magulu opikisana, napatsana maudindo a usilikari, naguba m'miseu. Guleyo anampatsa dzina la Beni, locokera ku liu la Cingerezi lonena gulu la oliza malipenga.

Cimene cinafikitsa Beni kwathu kuno ndico nkhondo ya 1914 kufikira 1918. Amuna ambirimbiri a ku Nyasaland ndi a m'dziko la Fort Jameson, ndiko ku Chipata lero, anatengedwa, ena usilikari, ena utengatenga. Anasenza akatundu miyezi yambiri m'matope ndi m'mapiri, ndipo oculuka anafera m'njira ndi njala ndi kamwazi. Mkuru wa nkhondo wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anagonja ku Abercorn, ndiko ku Mbala, pa 25 November 1918. Opulumuka anabwerera kwao manja ali zi, koma perete anali m'miyendo mwao.

Kumudzi kunalibe malipenga a mkuwa. Cifukwa cace anatenga mphonda, naiboola, namata pa boowo kakhungu koyera ka kangaude. Munthu akaimbiramo, mau aturuka onjenjemera monga a lipenga. Ndiyo badza. Ng'omanso anaisema ya mbali ziwiri yoomba ndi ndodo, monga ya asilikari. Ayao anasunga dzina la Beni. Atonga a ku Nkhata Bay anati malipenga. Acewa ndi Atumbuka anati mganda. Ku Migodi kunabuka kalela, amene J. Clyde Mitchell analemba za iye m'caka ca 1956.

Nanga anthu obvutika cotere anakonderanji kutsanzira perete? Masiku amenewo munthu wakuda sanali kuloledwa kukhala kapiteni. Koma pa bwalo la gule iye amene anasenza katundu wa Mzungu anali kukhala kingi kapena dokotala, nayendera mizere ya anyamata ace, anthu onse alikuona. Ulemu umene nkhondo inam'mana anadzipatsa yekha.

Tisacite manyazi kuti gule wathu ngwobwereka, pakuti Angerezi omwe anatero. M'caka ca 1695 Henry Purcell anapeka nyimbo za sewero la Abdelazer ku London. Imodzi ya izo inaturuka m'nyumba ya masewero nisanduka yobvinira, ndipo aibvina kufikira lero pa dzina la Hole in the Wall.

Akuru anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kalumoko tinakalandira, koma mpini tinaika tokha: nyimbo za mganda ziri m'cinenero cathu, ndipo zinena za kwathu, za maukwati, za njala ndi za anyamata opita ku nchito. Inu amene mwatsiriza sukulu, mukamva badza ilikulira, kumbukirani atengatenga aja amene manda ao sadziwika.