Nkhope ya pa Ndalama ya Apwitikizi

Zidzukulu zanga, mukapeza ndalama yapepala yolembedwa kuti Banco Nacional Ultramarino m'bokosi la agogo anu, musaitaye. Imeneyo ndi esikudo, ndalama ya Apwitikizi ya ku Mozambique. Kupezeka kwake kuno ku Mtakataka, Golomoti ndi Mua n'kosadabwitsa, pakuti malire a 1891 anagawa Angoni a kwa Maseko pawiri, ena ku Domwe, ena kuno, koma chibale sichinaduke.

Yang'anitsitsani ya maesikudo 50 ya mu 1970. Nkhope ili pamenepoyo ndi ya João de Azevedo Coutinho, msilikali amene anathira nkhondo Amakololo m'chigwa cha Shire kumapeto kwa 1889. Pa 11 Januwale 1890 Britain inalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake kumeneko. Zikadapanda kutero, kaya bwenzi abale athu a ku Chikwawa akuyankhula Chipwitikizi lero!

Mozambique italandira ufulu mu 1975, boma latsopano linangodinda mawu akuti Banco de Moçambique pa mapepala omwewo, nkhope ya mtsamundayo ili pomwepo, mpaka metikali inalowa pa 16 Juni 1980.

Musaichape, musaipinde, musaimate ndi guluu. Isungeni pakati pa masamba a buku, kutali ndi chiswe ndi chinyezi cha kunyanja kuno.