Thangata: Goli Limene Makampani Anasenzetsa Alhomwe

Kalekale mawu akuti thangata ankatanthauza kuthandizana. Munthu akachulukidwa ndi ntchito ya kumunda, anansi ankabwera ndi makasu awo, mwini munda n'kuwakonzera nsima ndi mowa. Makampani a Azungu ndiwo anasandutsa mawu aulemuwa kukhala dzina la ntchito yokakamiza.

Kuyambira mu 1892, Harry Johnston, woimira boma la Britain, anapereka zikalata za umwini wa malo kwa atsamunda amene ankati anagula nthaka kwa mafumu, kawirikawiri ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Malo aakulu a kummwera kwa dziko lino anathera m'manja mwa makampani monga British Central Africa Company, Blantyre and East Africa Limited ndi A. L. Bruce Estates. Zikalata zambiri zinkateteza midzi imene inalipo kale kuti isasamutsidwe, koma obwera pambuyo pake analibe chitetezo chotero.

Ambiri mwa obwerawo anali Alhomwe amene ankathawa njala ndi nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Pofuna pomanga nyumba ndi polima, anakhazikika pa maesiteti. Mtengo wake unali thangata: mwezi umodzi wogwirira malo okhalapo, wina wogwirira msonkho wa nyumba. Miyezi iwiriyo inkatalika monga momwe mwini esiteti ndi akapitawo ake afunira, chifukwa tsiku limene munthu sanamalize ndime yake silinkalembedwa pa tikiti. Ntchitoyi inkachuluka nthawi ya dzinja, pamene minda ya eni ake inkafuna kupalira. Motero thonje la kampani linkakula bwino, chimanga cha banja chikumira m'udzu.

Ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, woyang'anira wake William Jervis Livingstone ankamenya antchito, ndipo kampaniyo sinkalola sukulu kapena tchalitchi pa malo ake. Nyumba zopemphereramo za mpingo wa Mbusa John Chilembwe zinatenthedwa. Usiku wa pa 23 Januwale 1915, anthu a Chilembwe anapha Livingstone m'nyumba mwake. Bungwe limene boma linakhazikitsa kuti lifufuze za kuukirako linavomereza kuti pa esitetipo panali nkhanza, komabe thangata anapitirira. Mu 1953 mkwiyo unabukanso ku Thyolo ndi madera oyandikira, ndipo anthu 11 anataya miyoyo. Thangata anathetsedwa ndi lamulo mu 1962, patatsala zaka ziwiri kuti dziko lilandire ufulu.

Zipsera zake zikadalipo. Ku Thyolo ndi ku Mulanje, minda ya tiyi yatenga nthaka yachonde, pamene mabanja ambiri akupanikizana pa timinda tating'ono. Zidzukulu za anthu a thangata zikamavina tchopa pa mwambo uno, zikuvinira makolo amene anasunga chilankhulo, nyimbo ndi miyambo yawo pa nthaka imene sankaloledwa kuitcha yawo.