Kusungunuka kulipo kuwiri

Mneni woti "kusungunuka" timamusenzetsa katundu wambiri, ndipo kukhitchini salakwa. Mafuta a nkhumba amasungunuka m'chiwaya, mchere umasungunuka m'ndiwo, palibe amene amasokonezeka poti aliyense akudzionera yekha ngati pali moto kapena madzi. Zimavuta tikatsika naye mneniyu pansi pa nthaka, kumene womvera saona kanthu ndipo akudalira pakamwa pathu basi.

Ana a ku Ulónguè ndi Dómuè, m'boma la Angónia ku Mozambique, amaphunzira sayansi m'Chipwitikizi, chomwe chili ndi mawu awiri osiyana, fundir ndi dissolver. Akabwerera ku Chinyanja, onse awiri amathera mu "kusungunuka". Ndiye mumamva munthu wophunzira bwino akunena kuti zitsulo za m'migodi zinasungunuka ndi moto wa pansi kenako n'kuuma m'ming'alu ya miyala. Pa zitsulo zambiri zimenezi si zoona.

Titenge molybdenum, imene mabuku a Chipwitikizi amailemba kuti molibdénio. Amaisakaniza ndi zitsulo zina kuti zilimbe, komanso nyemba ndi soya za m'minda ya ku Angónia zimaifuna pang'ono chabe kuti timphundu ta m'mizu tigwire nayitrojeni. Kuti isungunuke pamoto pamafunika madigiri 2623. Koma madzi amene anaisonkhanitsa m'migodi ngati ya Climax ndi Henderson ku Colorado sanafike n'komwe pamenepo, ambiri anali pakati pa madigiri 400 ndi 600. Choncho sinasungunuke ngati mafuta ayi. Inalowa m'madzi monga umachitira mchere.

Wina afunsa kuti ndani analipo kuti ayeze madziwo. Mboni ndi mwala wa quartz, umene kumudzi timati nsangalabwi. Mwalawu ukamakula m'mng'alu wodzaza madzi otentha, umatsekera timadontho mkati mwake, tambiri tosafika n'komwe gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Akadula kachidutswa kopyapyala n'kukaika pa makina oonera zinthu zing'onozing'ono, m'kadonthomo mumaoneka madzi, kathovu ka mpweya kakunjenjemera, mwinanso kamchere ka ngodya zofanana. Akakatenthetsa pang'onopang'ono, kathovu kamachepa mpaka kuzimiririka, ndipo digiri imene kazimiririkayo imasonyeza kuti madziwo sanali ozizira kuposa pamenepo. Akakaumitsa ndi chisanu amadziwa kuchuluka kwa mchere. Henry Clifton Sorby wa ku Sheffield analemba za timadonthoti kale mu 1858.

Chiphalaphala, mwala wosungunuka ndi moto, chilipo ndithu m'nkhaniyi, koma ntchito yake ndi ina. Chikamazizira pansipansi kuti chisanduke granite, chimatulutsa madzi amene anali mkati mwake, madziwo amang'amba miyala ndi mphamvu, n'kuyenda m'ming'alumo atanyamula chitsulo. Akayamba kuzizira, molybdenum imagwirana ndi sulufule n'kutsalira ngati mwala wotuwa, wofewa, wotchedwa molybdenite. (Mwalawu umafanana kwambiri ndi graphite wopezeka kuno ku Angónia ndi ku Malingunde, moti anthu ankaisokoneza mpaka Carl Wilhelm Scheele ataisiyanitsa mu 1778. Amene watola kamwala kodetsa zala asathamangire kugula mbuzi pangongole.)

Ena amati tingobwereka dissolver, ena akufuna tipeke mawu atsopano. Ine sindikuona chifukwa. Chinenero chathu chili kale ndi njira, ndiyo kutchula chosungunulacho: "yasungunuka ndi moto" kapena "yasungunuka m'madzi". Mawu amodzi owonjezera, nkhani yatha. Mwala wosungunuka ndi moto tiziuti chiphalaphala, ndipo madzi tiziwati madzi, ngakhale akhale amchere chotani. Tisamatinso "madzi owira" pena paliponse, chifukwa pansi pamene pali kupanikizika kwakukulu madzi amatha kupitirira madigiri 100 osawira, ndipo akawira zimasintha mmene chitsulo chikutsalira. "Madzi otentha kwambiri" akukwanira.

Aphunzitsi ndi owulutsa mawu a mbali zonse ziwiri za malire, ku Calómuè ndi ku Dedza, mukamanena kuti chitsulo chinasungunuka, chonde malizitsani chiganizo: ndi moto kapena m'madzi.